Kuwonda Kumafuna Mboni

Chitakale,
Mulanje.
Novembala 2019

Wokondedwa mng'ono wanga Rosie,

Ndayamba ndi moni. Uli bwanji kumeneko ku Karonga, iwe pamodzi ndi alamu anga a Gabriel ndi ana? Kutentha kumene umadandaula nako kuja kwachepako? Ine kuno ndili bwino, ndipo mawu amenewa uwasunge, chifukwa kalata yonseyi yabwera kudzanena zomwezo, kuti mkulu wako ali bwino.

Alamu ako a Jailosi nawo ali bwino, akuyendetsabe thirakitala yawo kuesiteti. Mwana wathu Honest ndi mkazi wake ali bwino ku Limbe. Mvula yoyamba yagwa, tiyi waphuka, ndipo phiri layamba kutsitsa madzi m'makwawa ake onse.

Ukudabwa kuti ndalemberanji kalata chonsecho foni ndili nayo. Khoma la nyumba za m'malayini ukulidziwa. Munthu akayetsemula kwa aneba, ife kuno timayankha kuti pepani. Nkhani iyi sindikufuna kuti ikafike kumsika isanafike kwa iwe, ndiye khala pansi uwerenge mofatsa usanakwere basi ya Khirisimasi.

Ukukumbukira chaka chatha pamene ndinagwa ndi chizungulire pamsika, pakati pa nanazi zanga. Kuchipatala anati bipi yakwera ndipo shuga wayamba kusuzumira. Anandipatsa mapilitsi. Kenaka adokotala ake, mtsikana woti ndikhoza kumubala, anandiuza kuti ndizichita masewera. Ndinawafunsa kuti masewera ake ati, fulaye kapena phada? Iwo sanaseke. Anati masewera olimbitsa thupi, ndipo thupili ndilichepetse ngati ndikufuna kudzaona adzukulu akukula.

Ndinabwerako ndikulitembenuza liwu limeneli m'mutu. Ine ndinatchola tiyi kuyambira utsikana wanga, dengu kumsana, kukwera mitunda m'chiperoni, ndipo palibe ananenapo kuti ndikusewera. Nditasiya ntchito ija n'kupeza benchi pamsika, ndinati tsopano ndapuma. Kupita pa kabaza, kubwera pa kabaza, tiyi wamkaka wa shuga wosawerenga. Thupi linabwera, anthu n'kumati a Jailosi amadziwa kusunga mkazi. Ndiye lero akuti kupuma komweko ndi kumene kukundipha, ndiyambe kusewera.

Poyamba ndinayesa kuyenda ndawala m'tinjira ta m'tiyi. Rosie, kuno munthu wamkulu sayenda mofulumira popanda chifukwa. Aliyense wokumana naye ankaima n'kufunsa kuti kwagwanji. Anyamata a kabaza ankanditsata pambuyo akuliza belu, akuti mayi kwerani, tikakusiyani ngakhale mulibe ndalama. Mayi wina anasiya khasu m'munda n'kundithamangira, ankayesa kuti ndanyamula uthenga wa maliro. Nditamuuza kuti sindikupita kulikonse, ndikungoyenda, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinaona kuti ndikapitiriza, anthu ayamba kubisa ana.

Apa m'pamene iwe unanditumizira kanema uja pafoni, wa mayi wodumphadumpha, wovala zothina, amene satopa ndipo amangomwetulira ngati walandira malipiro. Ndinati uyu ndiye mnzanga, ndizisewera naye m'nyumba.

Alamu ako akangotuluka m'mawa, ndinkatereka kalongonda panja, paja amafuna nthawi yake, n'kulowa m'nyumba. Ndinkatseka chitseko, kutsitsa katani, kukankhira tebulo kukhoma, n'kuimika foni pa sugabolo. Mayi uja akanyamula tizitsulo take, ine ndinkanyamula zigubu za mafuta zodzaza madzi. Iye akadumpha, inenso ndinkadumpha, ngakhale kuti iye ankatera ngati mphaka pamene ine mbale zinkalira m'kabati.

Kunena zoona, za pakhomo zinandikomera. Sulipira aliyense. Suvala buluku. Ukatopa umamuimitsa mayi uja ndi chala, iye n'kungokhala ali m'malere osadandaula. Ndipo palibe amene akuona gogo wa munthu akugwedeza thupi lonse ngati wagwidwa ndi mizimu.

Koma khoma lija. Tsiku lina amake Joice, aneba athu, anagogoda n'kufunsa ngati ndayamba kusinjira m'nyumba. Manyazi anandigwira, ndipo ndinayankha kuti ndimathamangitsa khoswe. Mawa lake anafunsanso, ine ndinati khoswe yemwe uja. Iwo anati khoswe wake ndi wamakani, amadziwa ndi nthawi yomwe bambo atulukira. Tinaseka tonse, ine osadziwa kuti khoswe ameneyu adzandiluma.

Thupi linayamba kumva. Mutu unasiya kugunda. Mtunda wa kumjigo uja ndinayamba kuukwera ndili ndi mpweya woti ndikhoza kupereka moni pamwamba pake. Kuchipatala anayesa n'kundiuza kuti ndipitirize. Chitenje chinayamba kuzungulira mpaka kutsala, ndipo khosi langa, limene ndinalitsanzika kalekale, linabwerera.

Koma paja amati walira mvula walira matope.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti palibe anandifunsa. Moni ndi amene anangosintha. Munthu ankati mwadzuka bwanji atapendeketsa mutu, ndikati ndadzuka bwino iye n'kuti limbikani. Pamsika anthu ankagulabe nanazi zosasenda, koma zosenda, zimene ndagwira ndi manja anga, zinayamba kutsala m'beseni mpaka ntchentche kutopa nazo. Tsiku lina amayi a Mvano anabwera kunyumba atavala yunifomu, atanyamula thobwa ndi mandasi, n'kuimba nyimbo zija timaimbira odwala. Ndinakhala pakati pawo ndili wamphamvu kuposa onsewo, ndikupemphereredwa.

Iwe ndiwe nesi, ukudziwa kuti matenda amene ankandiganizirawo masiku ano si imfa. Amake Joice omwewo ali ndi mlongo wawo amene amamwa mankhwala, ndipo amalima kuposa anyamata. Koma maso a anthu anatsalira m'zaka zija tinkaika maliro motsatizana. Akaona munthu akuchepa, amaona chinthu chimodzi basi.

Ndinayesa kulongosola. Ndinati ndi shuga, ndipo ndikuwonda dala. Iwo ankagwedeza mitu mwachifundo, chifukwa akuti aliyense amayamba ndi kunena kuti ndi shuga. Ndinaulula kuti ndimadumpha m'nyumba m'mawa uliwonse. Amake Joice anati ayi, paja munati ndi khoswe. Anauza anzawo kuti phokoso lija ndinkachita kugwa ndi chizungulire, ine n'kumabisa. Ndani anaona ndikudumpha? Palibe. Chitseko ndinkatseka ndekha.

Nkhani inakafika ku Limbuli. Atsibweni athu a Lackson anakwera njinga ndi ukalamba wawo wonse n'kudzawakhazika pansi alamu ako. Anati mwana wathu tinakupatsani ali ndi thupi, nanga thupilo mwaliika kuti? Ngati ndi matenda mwabweretsa, nenani. Ngati ndi njala, nenaninso, kwathu chinangwa chilipo.

A Jailosi ukuwadziwa, si munthu wa mawu ambiri. Anangoti amva. Atsibweni atapita, anakhala pakhonde mpaka tiyi wawo kuzizira. Kenaka anandiuza kuti kuntchito anzawo asiya kumwera kapu imodzi ndi iwo. Sanakalipe. Anandipempha ngati mwana kuti, "Amake Honest, tabwezani thupi lija, ndiziyenda ndi nkhope pakati pa anthu."

Rosie, mtima unandipweteka. Munthu ameneyu sanandilakwirepo. Ndinavomera. Mayi wa pafoni ndinamusiya ali m'malere, zigubu ndinabwezera kumadzi. Alamu ako anayamba kubwera ndi nyama yonona, majarini ndi zakumwa za m'botolo, n'kumakhala pafupi kuonerera ndikudya ngati akuthirira mbewu.

Sipanapite nthawi, mutu unayambanso kugunda. Kenaka m'mapazi munayamba kuyenda nyerere. Ukudziwa amene ankadandaula za nyerere m'mapazi.

Ndinakumbukira amayi. Kachilonda kaja ka pachala kamene tinkati n'kachabe, mwendo umene anawadula, ndi mmene ankafunsira nsapato yachiwiri akaiwala. Ndinakumbukiranso tsiku la maliro awo, anyamata akusinthana bokosi akutuluka thukuta, amayi ena kumbuyo kwathu akuyamikira kuti malemuwa apita ndi thupi lawo lonse, ana awo anawasamala. Iwe unandigwira dzanja mwamphamvu tsiku limene lija. Anthu anaiwala kuti mwendo umodzi unali utatsogola kale.

Ndinachita mantha, sindikubisira. Ndikadumpha, alamu ako atha nkhope. Ndikasiya, nditsata amayi, chiwalo chimodzi chimodzi. Ndinakhala choncho osadziwa kolowera, mpaka tsiku limene mbaula yanga inathyoka mwendo.

Kuseri kwa siteji ya minibasi kuno ku Chitakale kuli sitolo yakale imene kale munkagulitsidwa feteleza. Kwa miyezi ndithu ndinkamva zitsulo zikulira mmenemo pamodzi ndi wailesi, ndiye ndinkadziwa kuti mwalowa wowotcherera. Ndinanyamula mbaula yanga pamutu n'kukagogoda.

Zimene ndinaona, mpaka lero ndimaseka ndekha. Amuna akuluakulu, ena ndimawadziwa, mmodzi ndi mphunzitsi wa kusekondale, atagona chagada pamabenchi akukankha zitsulo kumwamba. Ena akunyamula zitini za simenti zolumikiza ndi paipi. Munthu amanyamula chitsulo, nkhope yonse kukwinyika, kenaka n'kuchibwezera pamalo pomwe anachitenga. Ndinaima pakhomo kudikira kuti ndione kumene akupita nazo. Sizinapite kulikonse.

Kunabwera mnyamata wandevu zometa bwino n'kundipatsa moni waulemu. Dzina lake ndi Fahadi, mwana wa a Bakali ogulitsa nsalu aja, anakhalako ku Joni. Ndinamufunsa ngati amawotcherera mbaula. Anadziletsa kuseka n'kunena kuti pano si powotcherera, pano ndi pa jimu. Ndinati nanga a Jimuwo ali kuti? Iye anati jimu si munthu, ndi nyumbayi, malo ochitirako masewera olimbitsa thupi.

Nditamva mawu a adokotala aja akutuluka pakamwa pa mwana wa a Bakali, ndinatula mbaula pansi. Paja safunsa anadya phula. Ndinafunsa zonse. Anthuwa amalandira zingati akanyamula zitsulozi? Akuti salandira, amachita kulipira. Ndinati ife kuesiteti ankatilipira kuti tinyamule, ndipo katundu wake ankafika kufakitale. Nanga galasi lalikulu lili pakhomali n'lometera? Akuti ayi, n'loti munthu azidziona ngati akunyamula bwino. Nanga fungoli? Apo anangoseka.

Ndiye pakona ndinaona njinga ziwiri. Chishalo chilipo, zogwirira zilipo, zopalasira zilipo, koma gudumu ndi limodzi ndipo silikhudza pansi. Panali mayi wina wapolisi akupalasa ndi mtima wonse, thukuta kamukamu, ali pomwepo. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Moyo wanga wonse ndaona njinga zikunyamula makala, nkhumba, odwala ndi akwati, koma njinga yopalasa osachoka ndinali ndisanaionepo. Ndinafunsa ngati ndingakwereko.

Rosie, inandikomera. Maondo sanalire ngati mmene ankachitira podumpha. Ndinapalasa ndi chitenje changa chomwecho, mpweya n'kumalowa mpaka pansi. Ndikutsika, nyerere zija zinali zitakhala chete.

Fahadi anandilongosolera kuti m'mawa pali nthawi ya amayi okhaokha. Mlongo wake Rashida amatchinga chinsalu pakati ndi pazenera, kuti amayi achisilamu ndi ena onse amanyazi azisewera momasuka popanda diso la mwamuna. Anati ndisaope, palibe adzadziwe kuti ndimabwera.

Ndinapita kunyumba ndi mbaula yanga yothyoka ndikusinkhasinkha. Kunyumba n'kwaulere, uku n'kolipira. Kunyumba kuli kalongonda wanga pamoto, uku kuli wailesi yogonthetsa m'khutu ndi thukuta la anthu osawadziwa. Ngati n'kubisala, kunyumba ndinkabisala bwino kuposa kuseri kwa chinsalu cha Rashida. Ndiye ndikalipirirenji?

Ndili pamlatho m'pamene zinandifikira. Chimene chinandipweteka si kudumpha ayi, koma chitseko. Munthu akanenepa safunsidwa umboni, aliyense amaona yekha kuti akudya. Koma kuwonda kumafuna mboni. Anthu anaona thupi likuchoka koma sanaone kumene likupita, ndiye analipezera okha njira.

M'mawa mwake ndinabwerera kwa Fahadi n'kumuuza kuti ndilowa, koma chinsalu sindikuchifuna. Ndinamupempha kuti njinga imodzi aziitulutsa pakhonde, poyang'ana msewu. Mwana uja anayasama. Anati amayi onse amene anabwerapo amapempha kubisika, inu nokha mukupempha msewu? Ndinati eya, ndipo nthawi yake ikhale imene anthu akupita kumsika. Anaganiza pang'ono n'kuona kuti kwa iye ndi chikwangwani chaulere. Anavomera.

Madzulo ake ndinawauza alamu ako kuti nyama yonona ija asiye kugula, mawa ndiyamba kupita ku jimu. Iwo anali atatopa, osafunsa kuti jimu n'chiyani, anangoti tikamba mawa, n'kutuluka m'bandakucha tisanakambe. Koma khoma linali litamva. Ndipo khoma silinamve kuti ku jimu, linamva kuti kwa Jimu.

Mmene dzuwa limakwera, nkhani inali itazungulira malayini onse n'kukafika kumunda kumene alamu ako ankakoka ngolo ya tiyi. Akuti amake Honest aulula okha pamaso pa amuna awo. Akuti mwini wake wa matenda aja wapezeka, dzina lake ndi Jimu, amakhala kuseri kwa siteji, ndipo mayiwo anena kuti azipitako m'mawa uliwonse.

Ine osadziwa kanthu, ndinali pakhonde pa Fahadi, nditavala buluku la Honest mkati mwa chitenje, ndikupalasa. Manyazi anali pamenepo, usaganize kuti anathawa. Anyamata a kabaza anayamba kuima mmodzimmodzi. Wina anafunsa kuti mayi, ku Limbe mukafika nthawi yanji? Wina anati ndimutengereko katundu wa ku Muloza. Ndinawayankha kuti akwere kumbuyo, koma alipiriretu. Anthu anaseka, ndipo gulu linakula. Amayi opita kumsika anaima ndi madengu pamutu. Ndinaona nkhope zimene zinkandipatsa moni wopendeketsa mutu zikuyang'ana miyendo yanga.

Kenaka gulu linapatuka, ndipo ndinaona alamu ako akutsika panjinga yawo, ovololo ili yonyowa, nkhope ngati kumwamba kwa chiperoni. Anali atasiya thirakitala m'munda, chinthu chimene sanachitepo. Sanandiyang'ane. Analunjika kwa Fahadi amene anaima pakhomo n'kumufunsa ndi mawu otsika kuti, "Jimu ndiwe?"

Mwana uja anayankha mwaulemu kuti iye ndi Fahadi. A Jailosi anati nanga Jimu ali kuti, atuluke. Fahadi analoza nyumba, analoza zitsulo, analoza chikwangwani, n'kunena kuti bambo, jimu yake ndi imeneyi, ndipo mayiwa abwera kudzapalasa njinga iyi basi. Mphunzitsi uja anatuluka ndi thaulo pakhosi n'kuchitira umboni. Wina m'gulu anayamba kuseka, anzake n'kumutsina.

Ine ndinasiya kupalasa. Ndinadziwa kuti apa ndiye pothera nkhani. Mwamuna wanga wachititsidwa manyazi kawiri, koyamba ndi mphekesera, kachiwiri ndi ine, mkazi wake wovala buluku pamsewu. Akanati tsika tizipita, ndikanatsika, Rosie. Ndikanapita kukadya nyama yonona mpaka nyerere zitandimaliza.

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Anayang'ana thukuta, anayang'ana njinga, anayang'ana gudumu losakhudza pansi lija. Ndinawauza chapansipansi kuti nyerere za amayi zafika m'mapazi mwanga, ndipo ndinawabisira chifukwa sindinafune kuwawonjezera katundu. Ndinati sindikufuna kuti adzandigulire nsapato imodzi.

Kenaka anandiuza kuti nditsike. Mtima wanga unagwa, ndipo ndinatsika.

Iwo anapita panjinga yawo, anamasula kachikwama ka pansi pa chishalo n'kutulutsa sipanala. Anagwada pa njinga ya Fahadi, anamasula, anatsitsa chishalo, anamanganso, n'kuchimenya ndi chikhatho kuti aone ngati chalimba. Anamuuza Fahadi kuti chishalo chinali pamwamba kwambiri, munthu wamfupi chonchi angapweteke chiuno. Kenaka anandiuza kuti ndikwere.

Nditakwera, anatembenukira gulu lija n'kunena kuti, "Awa ndi akazi anga. Anawatuma ndi adokotala. Amene akufuna kudziwa kumene thupi lawo likupita, azibwera m'mawa adzaone likutuluka."

Anakwera njinga yawo n'kubwerera ku thirakitala. Ine ndinapalasa misozi ikusakanikirana ndi thukuta, ndipo ubwino wa thukuta ndi umenewo, palibe anazindikira.

Kuyambira tsiku limenelo ndimapita. Anyamata a kabaza anandipatsa dzina, akuti ndine Mayi Safika. Nanazi zosenda zayambanso kutha. Amayi awiri a Mvano alowa, koma iwo ali kuseri kwa chinsalu, ndipo sindiwanena, aliyense ali ndi chimene akuthawa. Loweruka ndi Lamlungu ndimasewera kunyumba ndi mayi wa pafoni uja, koma tsopano chitseko chimakhala chotsekula. Atsibweni anabweranso kudzaona okha. Anaizungulira njinga ija kawiri n'kufunsa Fahadi kuti anaigula dala yotere kapena anamubera gudumu.

Pali zina sindinazimvetsebe. Sindikudziwa kuti mafuta amene amachoka m'thupimo amapita kuti kwenikweni, poti thukuta ndi madzi. Sindikudziwanso chifukwa chake kupalasa kopita kumunda anthu amakutcha umphawi, koma kupalasa kosapita kulikonse akuti n'chitukuko. Udzandilongosolere ukabwera.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera kalatayi.

Si onse akhulupirira. Amake Joice akuuza anthu kuti njinga ija ndi chophimba m'maso, ndipo alamu ako akungodzitchinjiriza. Akuti dikirani Khirisimasi, kukubwera mng'ono wake, nesi wa boma, amene matenda amawadziwa ndi maso okha. Akuti tidzaonera nkhope yake akamatsika minibasi. Ndikukuuza zoona, tsiku limenelo pasiteji padzakhala anthu ambiri amene sakudikira aliyense.

Iwe unandisiya ndili wodzaza pakhomo. Amene udzamupeze ndi theka lake. Ndipo ndimakudziwa, Rosie, misozi yako ili pafupi, umalira ngakhale pa ukwati wa anthu osawadziwa. Ukadzangotsika n'kugwira pakamwa, ukadzangoti mayo achemwali, ndiye kuti zonse zimene ndapalasa zapita m'madzi. Ine ndikhoza kupirira, ndazolowera. Koma alamu ako anaimirira pamaso pa anthu n'kundichitira umboni, ndipo sindikufuna kuti kapu yawo ikhalenso payokha.

Ndiye ndikukupempha, mwana wa amayi anga. Ukadzatsika, usadzalire. Udzandiyang'ane bwinobwino monga nesi, kuyambira m'maso mpaka kumapazi, kenaka udzaseke. Udzanene mokweza, kuti ndi ogulitsa mazira omwe amve, chimene maso ako aona. Sindikukupempha kuti udzaname. Ngati udzaone matenda, udzanene. Koma ndikudziwa chimene udzaone. Paja amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndiye mkulu wakonso ndi mkulu wako, ndipo miyendo yake ilipo yonse iwiri.

Pali chinthu chimodzi ndiyenera kukuchenjeza, chifukwa ndi chimene chingakugwetse.

Ukukumbukira diresi la amayi lobiriwira la timadontho toyera, lija anavala pa chithunzi ali mtsikana, masiku akutchola tiyi? Pogawa zovala linatsala, chifukwa panalibe amene likanamukwana, ngakhale eni ake anali atalisiya tisanabadwe. Ndinalisunga pansi pa sutikesi. Sabata yatha ndinalitulutsa kuti ndiliyanike, ndipo kaya chinandigwira n'chiyani, ndinaliyesa. Linalowa, Rosie. Zipi inakwera mpaka pamwamba.

Ndinapita nalo pagalasi lalikulu la Fahadi, poti kunyumba kagalasi kathu kamangoonetsa mphuno. Amene ndinamuona mmenemo si ine. Anali amayi, ataima ndi miyendo yawo iwiri, asanayambe kusamalidwa.

Ndidzavala limenelo pokuchingamira, kuti usavutike kundifunafuna m'gulu. Ndikudziwa chimene lidzakuchite. N'chifukwa chake ndakuuziratu, kuti ulire panopa, uli kwanu, kalata ili m'manja. Ngati misozi ina idzatsale, udzaisunge mpaka tikafike kunyumba. Kumeneko tikatseka chitseko, ndipo tikalira tonse awiri mpaka amake Joice adzafunse ngati khoswe uja wabweranso.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Gabriel ndi ana onse. Uwauze ana kuti nanazi zikuwadikira. Alamu ako akupereka moni, akuti ubwere ndi mpunga wa kumeneko, koma ine wanga ukhale wochepa. Atsibweni akuti usaiwale mankhwala a maondo. Iwenso ubwere ndi buluku, njinga zija zilipo ziwiri.

Mulungu akusunge, akuyendetse bwino pamsewu wautaliwo, ndipo akugwire nkhope pa siteji ya Chitakale.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Eneles, amake Honest